Baji la Sitima Yobiriwira

Lamulungu, 8 Okutobala

Baji la Corinne lapita. Ndalemba kuti mwina ndikaona pa pepala ndikhulupirira.

Ndisanamizire munthu, ndalitayitsa ndine. Zaka zonsezi lamulo la mwamuna wanga Wendell linali limodzi: baji losunga silikwera pa lamba wosinthira. Limakhala pa bolodi kunyumba, ndipo ukafunitsitsa kulivala umatseka kumbuyo ndi kachitsulo ka kiyi, osati kamphira kongozula ndi zala. Theka la anthu a mabaji muno mu Kissimmee anawaphunzitsa ndi iyeyo. M'mawa uno walifumbata, akuti lipite nawo ku paki. Ndasanthula madilowa onse, kakiyi osaoneka, iye wayamba kale kulira pakhomo, nsapato atavala mosemphanitsa. Ndiye ndangolibaya pa lamba wake wa m'khosi, pakati pa mabaji wamba, n'kutseka ndi kamphira. Ndimati ndizimuyang'anira.

Ndinangolowa kuchimbudzi basi, kuseri kwa ogulitsa mbuliwuli. Ndinamusiya pa benchi, ndinamuuza kuti asasunthe. Sanasunthedi. Potuluka ndamupeza akumwetulira, pamene panali sitima yobiriwira pali kabakha kachikasu, kaja amangopereka kwa aliyense wogula chipewa.

"Wen, la Cori lili kuti?"

"Ndasinthana ndi mtsikana uja. Waulemu bwanji! Taona bakha."

Mtsikana uti? Antchito ovala malamba a mabaji ku paki ya Pelican Hollow ndi osawerengeka, onse malaya ofanana, onse kumwetulira kofanana. Ndamukoka dzanja tazungulira, ndikuyang'ana pachifuwa pa aliyense ngati wamisala, mpaka mvula yamasana yatipeza. Tafika kunyumba titanyowa. Iye wadya bwinobwino.

Lolemba, 9 Okutobala

Chiyambireni kukula matenda oiwalawa, m'mawa wathu umayenda chimodzimodzi. Akangotsegula maso ndimamuikira baji lija m'dzanja. Amalitembenuza, chala chachikulu chimafunafuna C uja Corinne anakanda kumbuyo ndi singano yanga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anagulira bambo ake tsiku lomaliza la sitima ya m'phanga ya ku paki, asanaigwetse. Ine kumukalipira chifukwa cha singano, taganizani. Chala chikapeza C, amati "Cori." Kenako amandiyang'ana n'kunena kuti "Nori, khofi wapsa?" Akatero ndimadziwa kuti tsiku limenelo ndili ndi mwamuna.

Dokotala amati si baji, ndi chizolowezi chabe. Dokotalayo sagona muno.

Lero ndamuikira bakha. Walitembenuza, chala chayenda, chayenda, sichinapeze kanthu. Wandiyang'ana mwaulemu kwambiri.

"Mayi, mkazi wanga watuluka?"

Zaka makumi anayi ndi chimodzi tili limodzi. Mwana tinamuika m'manda limodzi, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, galimoto itawombana pa msewu waukulu. Lero ndine mayi.

Mwana wathu Curtis waimba kuchokera ku Ohio. Ndamuuza, kupusa kwanga. Akuti, "Mami, ndi kachitsulo chabe. Nkhani si baji, adadi akufunika anthu owasamalira usana ndi usiku. Malo aja ku nyumba ya okalamba akadalipo." Ndamuuza kuti avale jekete kwayamba kuzizira kumeneko, ndadula.

Lachiwiri, 10 Okutobala

W. ndamusiya ndi Mayi Ocasio a nyumba yoyandikana. Ndapita ku paki ndekha.

Otis ndamupeza pamalo pake, pa matebulo a maambulera pafupi ndi geti, zikwama zake za mabaji atazitambasula, mwendo wa nkhukundembo uli kumanja. Iye ndi W. akhala akunyozana pa matebulo amenewa chiyambire Otis atapuma ntchito yoyendetsa basi. Ndamufotokozera. Waika nyama pansi.

"Noreen, la sitima? Pa kamphira?"

"Usayambe."

"Wendell akanakhala ndi mutu wake akanakusudzula lero lomwe, n'kukwatira ine."

Ndaseka, kusekako kwasanduka zina. Wandipatsa kapepala kopukutira pakamwa, konona mafuta. Kenako wanyamuka ndi maondo ake ovutawo, wafunsa uyu, wafunsa uyo. Otis palibe wosamudziwa. Pasanapite nthawi tamupeza mtsikanayo pa ngolo ya madzi a mandimu. Dzina lake Yesenia, kamwana ndithu, kocheperapo Curtis.

Wakumbukira msanga. Akuti ataliona anadziwa kuti ndi lakale. Anafunsa kawiri kuti "Agogo, mwatsimikiza?" W. anati watsimikiza, bakhayo ndi wokongola. Ndiye ine ndaphulika. Ndati unalibe maso? Sunaone kuti munthuyo mutu sukugwira? Ukanaliika m'thumba!

Wandiyankha motsitsa, anthu ali pamzere akutiyang'ana. "Mayi, lamulo mukulidziwa. Mlendo akapereka baji lenileni la pakiyi sindingakane. Likakwera pa lamba wanga si langa. Ndikaika m'thumba ndaba, ntchito yatha. Ndinalibaya kumbuyo kwa khosi, pansi pa tsitsi, ndimati mwina wina abwera kudzalifuna. Koma bambo wina wa chikwama chakuda anandiuza kuti nditembenuke."

Lamulolo ndikulidziwadi. Talidyera kangati ine ndi W., kusangalala tikapeza labwino pa lamba wa wantchito watsopano? Sitinafunsepo kuti analisiyapo ndani.

Otis akuti wa chikwama chakudayo akumuganizira. Sindinapepese kwa mtsikana uja. Zikundiwawa.

Lachitatu, 11 Okutobala

Lero ndine nesi. Wandithokoza chifukwa cha mazira.

Lachinayi, 12 Okutobala

Otis waimba ndikusambitsa W. Akuti bwera, kamberembere wako ali pano.

Ndi Brice, mnyamata wa ndevu zometa bwino amene amazungulira paki tsiku lonse kusaka mabaji akale pa malamba a antchito, n'kumakagulitsa pa intaneti. W. ankamutcha khungubwe. Ndinakonzeka kumugwira mwendo. Ndinanyamula buku lonse la mabaji a Khirisimasi, aja W. salola munthu kukhudza, ndimati asankhe chimene akufuna, ngakhale lonse.

Maso ake anali pa bukulo, koma anapukusa mutu. "Mayi Pruitt, ndikanakonda. Ndilibe. Nditalitembenuza ndinapeza wina analikanda kumbuyo, chi-C chokhota. Lokandika palibe amagula. Ndinakalisiya pa bolodi la m'sitolo ya zipewa, ndinatengapo lina." Kenako anawonjezera, akuseka, "Anthu ena sadziwa kusamala zinthu."

Otis anandigwira mkono. Anachita bwino.

Ndathamanga, ine nkhalamba ya chiuno chachitsulo, kudutsa pakati pa ana ndi zibaluni. Bolodi lili pambali pa kauntala, lalikulu, la mabaji osinthana. Ndayang'ana mzere ndi mzere. Ndabwereza. Abakha, mabwato, maungu a Halowini. Sitima palibe. Mtsikana wapakauntala akuti iye wayamba dzulo, ndibwere mawa ndidzaonane ndi bwana.

Mwina wina walitenga. Ngati walitenga munthu, Otis amupeza. Ndikudzilimbitsa choncho.

W. sanadye chamadzulo. Amangotsegula dzanja n'kulitseka.

Lachisanu, 13 Okutobala

Bwana wa sitolo ndi munthu wabwino, zimene zandikwiyitsa kwambiri. Wandikhazika pampando, wandipatsa madzi ozizira. Akuti m'mawa uliwonse, geti lisanatsegulidwe, amasesa bolodi. Mabaji afeki, othyoka, okandika, onse amazula n'kuponya m'chidebe chofiira, kuti mlendo asatenge chinthu choipa. Chidebe chikadzaza chimapita kokaphwanya, kuti asabwererenso m'paki. Akuti akulikumbukira. Sitima yobiriwira, kumbuyo kokandika. Anamva nalo chisoni, koma lamulo.

"Chidebecho chili kuti?"

"Anatenga dzulo m'mawa, mayi."

Chidebe chofiiracho ndikuchidziwa kuposa iye. Kale kunalibe. Mabolodi ankadzaza ndi afeki, opepuka, m'mbali mokhakhala, utoto wotuwa, anthu ankagula thumba lathunthu motchipa n'kumadzasinthitsa ndi enieni. W. zinkamudwalitsa. Ankapita ku ofesi kukadandaula mpaka alonda anamuzolowera. Tsiku limene akuluakulu a paki anaika chidebecho, W. anandigulira ayisikilimu, akuyenda ngati wapambana chisankho. Akapeza mwana atavala lafeki, ankagwada, n'kunena kuti tisinthane, n'kumupatsa mwanayo labwino. Lafekilo ankaliika m'thumba lamanzere la malaya, kuti lisakagwerenso mwana wina. Botolo limene ankasungamo afekiwo likadali m'galaja, lodzaza.

Ndiye chidebe chake chomwe chadya baji la mwana wake.

Potuluka ndapeza Yesenia akundidikira. Anamva kwa Otis. Nthawi yake yopuma anapita kuseri, kumene amasonkhanitsa zinyalala, kukafunsa ngati thumbalo likadalipo. Manja ake anali akuda. Wangopukusa mutu.

Ndati, "Mwanawe, ndinakulankhula zoipa Lachiwiri."

Akuti, "Agogo anga kwathu ku Ponce, matenda omwewa atawagwira, anafika pomatcha amayi anga kuti wakuba. Palibe kanthu, mayi." Wandikumbatira. Amanunkhira mandimu. Ndalira paphewa pa mwana wa eni, nyimbo ya mahatchi azidole ozungulira ikulira mokondwa kumbuyo kwathu.

Madzi akatayika saoleka. Amene anayamba kunena mawu amenewa ndikanakonda nditamutaira madzi kumaso.

Loweruka, 14 Okutobala

Ndinali ndikuyanika zovala kuseri. Pobwera chitseko chili pululu. Ndamupeza pa kona, pomwe basi ya sukulu inkaima, atavala zogonera, dzuwa likumuwotcha pamutu. Akuti akudikira Cori, wachedwa. Ndati tiye kunyumba, lero Loweruka. Wandikankha. Sanafune, ndikudziwa, koma W. anali womanga madenga, manja akadali ake. Ndagwera pa bokosi la makalata.

Mayi Ocasio aona zonse ali pawindo. Ndi iwo amunyengerera, amuuza kuti basi yaimba foni, ibwera mochedwa, akadikirire m'nyumba. Wawamvera iwo, osati ine. Atatha andiyang'ana mkono n'kunena kuti, "Noreen, udzafa iwe, iye adzatsala akufunsa kuti nesi uja ali kuti." Ndawauza kuti zikomo chifukwa cha thandizo. Aseka, akuti zikomo wamtundu umenewo amamudziwa.

Curtis sindimuuza.

Lamulungu, 15 Okutobala

Lamulungu loyamba osapita ku paki kuyambira kalekale. W. sanafunse.

Masana Otis wabwera, galimoto yake yotha ija ikutsokomola. Sanalowe mkati, akuti sakufuna kuti W. amuone n'kumufunsa kuti ndani. Taima pakhonde. Watulutsa kathumba ka pulasitiki m'thumba la malaya.

Sitima yobiriwira. Yake. Anapanga ochepa tsiku lija, ndipo W. wakhala akumunyoza kuti lakelo ndi lafeki kwa zaka makumi awiri, ngakhale onse akudziwa kuti ndi lenileni. Silinatulukepo m'pulasitiki.

"Otis, ukudziwa chimene ndichite nalo?"

"Ndikudziwa. Ungodikira ndichoke kaye. Mtima wanga ndi wa batire."

"Usankhe m'buku la Khirisimasi."

"Zinyalala za Wendell? Ndisungire pati?" Wayang'ana kumbali, akupukuta khosi. "Anandipeza pa benchi mkazi wanga Lorraine atangomwalira, ndikungoyang'ana anthu. Anandiveka lamba, n'kundiuza kuti ndasankha baji loipa kwambiri m'paki yonse. Pakanakhala china ndikanakupatsa china, ndilibe."

Wapita osatsanzika. Mwamuna wamkulu ngati uja.

Lolemba, 16 Okutobala

Ndayesera kaye pa bakha. Ma C ambirimbiri, mpaka kumbuyo kwake kwatha malo. Wa Corinne anali wopendekeka, mutu waukulu, mchira wautali chifukwa singano inatsetsereka. Ndimamuona ndikatseka maso, koma dzanja silimvera. C wanga akutuluka wa munthu wamkulu.

W. atagona masana ndakhala pa tebulo la kukhitchini, magalasi awiri pamphuno, ndalitulutsa m'pulasitiki. Kumbuyo kuli mbee, ngati lapangidwa dzulo. Ndati Mulungu andikhululukire, Otis andikhululukire. Ndakanda. Kamvekedwe kake kandilowa m'mano.

Watuluka bwino, mchira ndi zonse. Ndapaka mankhwala otsukira mano, ndapukuta ndi nsanza, ndathira kakhofi kuti mzerewo ude. Ndaliika padzuwa. Ndalifumbata m'manja masana onse kuti lizolowere thukuta.

Mwamuna amene wathera theka la moyo wake akulimbana ndi afeki, mkazi wake ali kukhitchini akupanga lake. Sindikuchita manyazi. Ndikungofuna andifunse za khofi. Kamodzi kokha, ndiye Curtis adzanene zake.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Ndalephera. Ndinaima nalo pakhomo la kuchipinda, ndabwerera. Bola ndisanayese, chiyembekezo chikadalipo.

Lero sanandipatse dzina lililonse.

Lachitatu, 18 Okutobala

Ndatsegula makatani monga kale. Khofi ndinatereka kale kuti fungo lifike. Atatsegula maso ndamutambasula dzanja, ndaika.

Walikweza pafupi ndi nkhope. Maso awala, ndaona ndi maso angawa. Waliyeza kulemera pachikhatho, wayendetsa chala m'mbali monse, wapendeketsa kuti aone utoto pa kuwala. Zonse zija ankachita pa matebulo.

"Sitima ya m'phanga," watero. "Ili ndi lenileni. Awa ndi osowa."

Walitembenuza. Chala chachikulu chapita chokha pamalo pake. Chayenda kamodzi. Chaima.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. C wa Corinne chala chimenechi chamusisita zaka makumi atatu, anatsala wosalala ngati sopo wotha. Wanga akadali ndi mano.

W. wapukusa mutu, wachita tsk tsk, kenako wandiyang'ana ndi chisoni chenicheni.

"Mayi, wakupatsani ndani limeneli?"

"Mnzanga."

"Si mnzanu ameneyo. Baji labwinobwino, wina walikanda dzulodzuloli. Tamvani nokha, likucheka." Wanditenga chala, wachiyendetsa pamzerepo. Dzanja lake lofunda. "Mwana wanga anandipatsa lofanana nalo. Lakelo ndiye muone. Akabwera kusukulu ndikuonetsani."

Pakamwa panga panadzaza mawu. Ndine Nori. Cori kulibe. Ndakanda ndine. Onse anali pa lilime.

Koma iye anali atayamba kale kuyang'anayang'ana. Lamba wake unali pa mpando, ndamupatsira. Wayenda ndi chala baji ndi baji, mosafulumira, wasankha la nyali ya m'mbali mwa nyanja, lija limawala mumdima, labwino kuposa onse amene atsalapo. Wazula kamphira.

"Musalire, mayi, aliyense amapusitsidwapo poyamba. Tisinthane."

Wandibaya nalo yekha pa kolala ya diresi, osandilasa. La sitima waliika m'thumba lamanzere la malaya ogonera, n'kusisita pamwamba.

Ndati, "Zikomo, bambo."

"Mumabwera kawirikawiri kuno?"

"Lamulungu lililonse."

"Ndiye tizionana. Dzina lanu ndani?"

Ndamuuza. Akuti ndi dzina labwino.

Khofi wapserera pa moto. Ndazimitsa, ndatsegula mawindo. Foni ili pa tebulo apa, nambala ya Curtis ndaitsegula kale. Kuchipinda akuimba kamluzu, akusanja mabaji pa bulangete, akuti akufuna akhale okonzeka mayi uja akabweranso.